PHUNZIRO LA MAKALABU: NDALAMA YA MBEWU ZATHU IZIZUNGULIRA KWATHU KUNO

Alimi anzanga a kwa Mfumu Tsabango, pamodzi ndi inu nonse amene minda yanu yayandikana ndi mzinda wa Lilongwe, kawirikawiri m'nyuzi ino timakambirana za m'munda, monga kasankhidwe ka mbewu, katalikiridwe ka mizere ndi nthawi yopalira. Phunziro lino likuyambira pamene ntchito ya m'munda yathera. Tikambirana za anthu amene mbewu zanu zimadutsa m'manja mwawo zisanafike m'mbale ya munthu wa m'tauni. Anthuwa ndi monga mayi wosankha mtedza, mwini chigayo, mnyamata wa kabaza, mmisiri wosula ndowa ndi mwini okala. Kodi mlimi apindulanji mabizinesi a anthu amenewa akamakula? Nanga iye angachitepo chiyani kuti akule? Werengani phunziroli pamodzi m'kalabu yanu. Kumapeto kuli mafunso oti mukambirane.

1. MSIKA ULI PAKHOMO PANU

Lilongwe inakhala likulu la dziko lino m'chaka cha 1975. Kalembera wa m'chaka cha 2018 anapeza kuti mumzindawu munali anthu 989,318, ndiye kuti pafupifupi miliyoni imodzi. Ambiri mwa anthuwa amakhala ku Kawale, Biwi, Area 23, Chinsapo, Area 25, Mgona ndi malo ena otero. Minda yokwanira alibe, komabe tsiku ndi tsiku ayenera kudya nsima ndi ndiwo zotendera kapena zothira mafuta, ndipo ana awo ayenera kumwa phala. Mlimi wa ku Mchinji kapena ku Kasungu amalipira galimoto kuti mbewu zake zifike kwa anthu amenewa. Inu a kwa Tsabango mumafika ku Area 23 pa njinga, ena mumangoyenda pansi.

Tsono dziwani kuti munthu wa ku Kawale kapena ku Chinsapo sagula thumba lathunthu kawirikawiri. Iye amalandira ndalama pang'onopang'ono, choncho amagulanso pang'onopang'ono: kapaketi ka ufa, kamulu ka tomato, nsinjiro yokwanira mphika umodzi, mafuta oyeza m'kabotolo. Pakati pa thumba lanu la makilogalamu 50 ndi kapaketi kameneka pali ntchito yambiri, ndipo ntchito imeneyi imagwiridwa ndi amalonda ang'onoang'ono.

Amalondawa si ochepa ayi. Kafukufuku wa FinScope wa m'chaka cha 2019 anapeza kuti m'Malawi munali mabizinesi ang'onoang'ono ndi apakatikati pafupifupi 1.6 miliyoni, eni ake oposa 1.1 miliyoni, ndipo mabizinesiwa analemba ntchito anthu pafupifupi 1.8 miliyoni. Palibe kampani kapena ofesi ya Boma imene ingalembe anthu ochuluka chotero.

2. ULENDO WA THUMBA LA MTEDZA

Kuti timvetse bwino, tiyeni titsatire thumba limodzi la mtedza, mbewu imene alimi a m'chigawo chapakati amaidziwa kuyambira kale.

Mtedza ukakumbidwa ndi kuwuma, umathotholedwa. Kenaka umaswedwa, kaya ndi manja kaya ndi makina. Makilogalamu 100 a mtedza wamakoko amatulutsa makilogalamu apakati pa 65 ndi 70 a mtedza woswa. Ukaswedwa umapetedwa ndi kusankhidwa, kupatula waukulu, waung'ono, wosweka ndi wowola. Ukatero umayikidwa m'matumba, kusokedwa ndi kunyamulidwa pa ngolo, pa njinga kapena pa galimoto. Ukafika m'tauni wina amaukazinga ndi kuuthira mchere, wina amausinja kukhala nsinjiro, wina amaugayitsa kukhala chiponde, wina amaufinya kukhala mafuta. Mtedza wa CG7, umene unatulutsidwa kwa alimi m'chaka cha 1990 utayesedwa ku Chitedze, uli ndi mafuta pafupifupi theka la kulemera kwake.

Werengani ntchito zimenezi: kuswa, kupeta, kusankha, kusoka matumba, kunyamula, kukazinga, kugaya, kufinya, kuyika m'mabotolo ndi kugulitsa. Pa ntchito iliyonse pali munthu amene amalandirapo ndalama. Amene munafikako ku msika wa Mgona, pafupi ndi Kanengo, munawona amayi atakhala pa malona akusankha mtedza, anyamata akusenza matumba, ndi magalimoto akuluakulu akupakira mtedza wopita kutali. Onsewo akudya za mtedza ngakhale kuti sanagwire khasu.

Mlimi amene amagulitsa mtedza wamakoko pakhomo, osasankha, amalandira malipiro a ntchito imodzi yokha, ya kulima. Malipiro a ntchito zina zonsezo amatsagana ndi thumbalo. Funso nlakuti, kodi ntchitozo zigwiridwa ndi yani, ndipo zigwiridwira kuti? Zikagwiridwa ndi ana anu, akazi anu ndi anansi anu m'dera lomwe lino, ndalamazo zitsala kuno. Chimodzimodzi ndi chimanga chimene chimasanduka mgaiwa, ufa woyera, thobwa ndi madeya a nkhuku, soya amene amasanduka ufa wa phala ndi chakudya cha ziweto, ndi mpendadzuwa umene umasanduka mafuta.

3. M'MENE NDALAMA IMAZUNGULIRIRA

Ena afunsa kuti, "Nanga ine zikundikhudza bwanji ngati mwini chigayo walemera?" Tiyeni tiwerengere pamodzi. Manambala awa ndi ongoyerekeza kuti masamu amveke.

Tiyerekeze kuti mwagulitsa mtedza ndipo mwalandira K100,000. Mwa ndalamayi theka, K50,000, mwagulira zinthu zopangidwa m'dera lino: mwalipira telala wosoka mayunifolomu a ana, mwakonzetsa wilibala kwa owotcherera, mwagayitsa chimanga. Telala, wowotcherera ndi mwini chigayo nawonso agwiritsa ntchito theka la zimene alandira, K25,000, kugula nkhuku, masamba, mbatata ndi nyemba kwa alimi a kuno. Alimiwo nawonso achita chimodzimodzi ndi K12,500. Ikamapita choncho mpaka kutha, ndalama yanu ija ya K100,000 idzakhala itagwira ntchito ya pafupifupi K200,000 m'dera lino.

Tsono tiyerekeze kuti aliyense amangosiya kuno gawo limodzi mwa magawo asanu, zotsalazo nkugulira katundu wochokera kunja. Pa K100,000 patsala K20,000, kenaka K4,000, kenaka K800. Zonse pamodzi zingofika pafupifupi K125,000. Ndalama yolowa m'dera ndi yomweyo, koma kwina yadyetsa mabanja ambiri, kwina yangodutsa ngati madzi a m'ngalande.

Wonaninso kuti amene anagula nkhuku ndi masamba aja ndi telala ndi wowotcherera. Mmisiri amene ali ndi ntchito ndiye wogula mbewu zanu. Iye akasowa ntchito, tomato wanu amawolera pa benchi.

Sitikunena kuti zonse zingapangidwe kuno ayi. Feteleza, mafuta a galimoto ndi mankhwala ambiri zimachokera kunja, ndipo mtengo wake unakwera kwambiri pamene mphamvu ya Kwacha inatsitsidwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022 ndiponso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Nchifukwa chake nkofunika kuti zimene tingathe kupanga tokha tizipanga ndi kugulana tokha, kuti ndalama zakunja zochepazo zigulire zimene sitingathe kupanga.

4. ZIMENE MBIRI YA DZIKO LINO YATIPHUNZITSA

Nkhani yotukula amalonda a Chimalawi siinayambe lero. Achikulire m'kalabu yanu akumbukira zina mwa izi.

Kuyambira m'chaka cha 1970 Boma linayamba kuchotsa amalonda achimwenye m'malo a malonda a kumidzi, ndipo pofika 1978 iwo ankaloledwa kuchita malonda m'mizinda ikuluikulu yokha. Cholinga chinali chakuti Amalawi atenge masitolowo. Masitolo a Chipiku ankapikulitsa katundu kwa amalonda a kumidzi. Ena anachita bwino, koma masitolo ambiri anatsekedwa pasanapite zaka zambiri, popeza eni ake atsopanowo analibe mpamba wokwanira ndiponso sanazolowere kusunga mabuku a ndalama. Powona zimenezi, kunakhazikitsidwa mabungwe ophunzitsa ndi kukongoza amalonda: DEMATT m'chaka cha 1979, SEDOM m'chaka cha 1982, ndi sukulu ya MEDI ku Mponela. Pambuyo pake mabungwe atatuwa anaphatikizidwa kukhala bungwe limodzi lotchedwa SMEDI. Phunziro loyamba ndi ili: lamulo lingathe kumchotsera munthu wopikisana naye, koma silingamuyendetsere sitolo.

Bungwe la ADMARC linakhazikitsidwa m'chaka cha 1971, ndipo kwa zaka zambiri ndilo linali logula mbewu za alimi ang'onoang'ono. M'chaka cha 1987 lamulo linasintha, amalonda wamba analoledwa kugula mbewu atatenga chiphaso. Kuyambira pamenepo mlimi ali ndi ogula ambiri, ena okhulupirika, ena akuba pa sikelo. Phunziro lachiwiri: kuchuluka kwa ogula kumathandiza mlimi yekhayo amene amadziwa kulemera ndi mtengo wa katundu wake.

M'zaka za m'ma 1970 ndi 1980 makalabu a alimi a m'Malawi anatchuka chifukwa chobweza ngongole za zipangizo. Zaka zambiri ndalama zobwezedwa zinkaposa 90 pa 100 iliyonse. Chitachitika chilala cha 1992, ndiponso m'nyengo ya kusintha kwa ndale ya 1993 ndi 1994, anthu ambiri analeka kubweza, ndipo thumba la ngongole la SACA linagwa. M'malo mwake kunabwera Malawi Rural Finance Company m'chaka cha 1994. Boma linayesanso ndi thumba la MARDEF m'chaka cha 2005, limene linasanduka MEDF mu 2014 ndi NEEF mu 2020. Mayina anasintha, koma dandaulo la ngongole zosabwezedwa linamveka nthawi zonsezo. Phunziro lachitatu: wosabweza ngongole salanga Boma ayi, amatsekera khomo mnzake amene ali pambuyo pake pa mzere.

Mu Malichi 2016 Boma linakhazikitsa ndondomeko ya Buy Malawi yolimbikitsa anthu kugula katundu wopangidwa m'dziko muno. Mu Malichi 2025 Unduna wa Zamalonda unaletsa kuyitanitsa kuchokera kunja zinthu zingapo zimene timalima kapena kupanga konkuno, monga ufa wa chimanga, chiponde, uchi, mazira, anyezi ndi mbatata ya kachewere. Malamulo otere amabwera ndipo amasintha. Chimene sichisintha ndi chakuti mayi wa ku Area 25 akagula botolo la chiponde cha kuno napeza kuti nchowawa kapena muli mchenga, sadzagulanso, ngakhale atamuwuza kangati kuti akonde dziko lake.

5. CHUKU: MDANI WA MLIMI NDI WAMALONDA YEMWE

Apa ndi pamene udindo wa mlimi uli waukulu. Chuku ndi nkhungu imene imamera pa mtedza ndi chimanga zikakhala pa chinyontho, ndipo imasiya poizoni amene akatswiri amamutcha aflatoxin. Poizoniyu amawononga chiwindi ndipo angathe kuyambitsa khansa ya m'chiwindi. Ana amene amadya chakudya chotere kawirikawiri amapinimbira. Kukazinga kapena kuphika sikumuchotsa. Ng'ombe ikadya chakudya cha chuku, poizoniyu amapezekanso mu mkaka wake.

M'zaka za m'ma 1970 mtedza wathu wa Chalimbana unkagulidwa kwambiri ku Ulaya, makamaka ku Britain. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980 malondawa anatsika kwambiri, ndipo chuku ndi chimodzi mwa zinthu zimene zalepheretsa kuti msika umenewo ubwerere m'manja mwathu monga kale. Maiko a European Union salola mtedza wodya anthu umene poizoniyu waposa magawo 4 pa magawo 1 biliyoni. Mbewu zochepa zowola zingathe kukanitsa thumba lonse. Komabe msikawo ngwotheka kuupeza: alimi a NASFAM a ku Mchinji, atayamba kusamala kawumitsidwe ndi kasankhidwe, anatha kutumizanso mtedza ku Britain m'zaka za m'ma 2000.

Taganizirani tsono za mayi amene wayamba kupanga chiponde ku Biwi. Makina oyezera chuku alibe. Iye amadalira inu. Mukamugulitsa mtedza wonyowa, chiponde chake chidzakanidwa akapita nacho kukayezetsa, bizinesi yake idzagwa, ndipo inu mudzataya wogula wa pafupi. Choyipa koposa, mtedza umene wakanidwa ndi ogula akunja ndi umene kawirikawiri umasinjidwa nsinjiro nkudyedwa ndi ana athu omwe.

Kuti mupewe chuku chitani izi:

(a) Kumbani mtedza ukangokhwima. Musausiye m'nthaka nthawi yaitali, ndipo samalani kuti khasu lisaboole makoko.

(b) Wumitsani mtedza usanathotholedwe, mutautembenuza kuti makoko asagone pa dothi. Mukathothola, yanikani pa mphasa kapena pa lona, osati pa dothi. Mtedza wowuma bwino umalira m'makoko mukaugwedeza.

(c) Musawaze madzi pa makoko kuti afewe poswa. Musathirenso madzi m'thumba kuti lilemere. Zizolowezi ziwirizi ndizo zimabweretsa chuku chambiri.

(d) Sungani mtedza m'makoko mpaka nthawi yogulitsa itayandikira. Matumba akhale pa thandala, osagunda khoma, m'nyumba yosadontha.

(e) Posankha, chotsani wowola, wofota ndi wosintha mtundu. Wa chuku musadye, musapatse ana kapena ziweto. Ukwirireni kapena kuutentha.

6. ZIMENE MLIMI ANGACHITE POTHANDIZA AMALONDA A M'DERA LAKE

Choyamba, gulitsani katundu wabwino, wowuma ndi wosankha, monga tafotokozera. Musayike wabwino pamwamba ndi zinyalala pansi. Wakuba ndi miyala m'thumba amanyenga kamodzi kokha.

Chachiwiri, panganani ndi wogula mbewu isanakololedwe. Wamalonda wamng'ono sangathe kugula matumba 40 tsiku limodzi, popeza mpamba wake ngwochepa ndiponso alibe posunga. Chimene iye amafuna ndi matumba awiri kapena atatu sabata iliyonse, chaka chonse. Mlimi mmodzi sangathe zimenezi, koma kalabu ya anthu 20 ingathe. Paja mutu umodzi susenza denga. Lembani panganolo pa pepala: mtundu wa mbewu, kuchuluka kwake, tsiku lopereka, mtengo ndi tsiku lolipira. Pakhale mboni, ndipo mbali iliyonse isunge pepala lake. Mtengo ukakwera pa msika, khalani pansi ndi kukambirananso. Musathawe pangano usiku chifukwa venda wina wawonjezera pang'ono.

Chachitatu, musanakwere basi kukagula chida m'sitolo yaikulu, yambani mwafunsa amisiri a pafupi. Owotcherera a ku Biwi, akalipentala a ku Mchesi ndi osula zidebe a m'misika yathu amapanga ndowa, makheni othirira, mbaula, mawilibala, zitseko ndi mafelemu. Ena amathanso kupanga makina oswera mtedza. Ubwino wake ngwakuti chida chikawonongeka, amene anachipanga muli naye pafupi. Chikakhala chosalimba, bwererani mukamuwuze mwaulemu. Wakutsina khutu ndi mnansi. Mmisiri amene sawuzidwa cholakwa chake sangakonze ntchito yake.

Chachinayi, lipirani ngongole ya pa okala ndi pa chigayo. Mabizinesi ambiri a m'midzi mwathu samagwa chifukwa chosowa ogula ayi, amagwa chifukwa cha abale ndi anansi amene amatenga sopo, mchere ndi shuga nkumati "ndilipira ndikakolola," koma akakolola amadzera njira ina. Mwana wanu akatsegula okala, inu bambo ndi mayi ake mukhale oyamba kulipira.

7. ZIMENE MLIMI AYENERA KUYEMBEKEZA KWA WAMALONDA

Kuthandiza wamalonda wa kwanu sikutanthauza kulola kuti akubereni. Chibale nchibale, malonda ndi malonda.

Wogula mbewu akhale ndi chiphaso. Sikelo yake ikhale yoyesedwa ndi kudindidwa ndi a Malawi Bureau of Standards, bungwe limene linakhazikitsidwa m'chaka cha 1972 ndipo limayang'anira miyezo ndi ubwino wa katundu. Musalole kugulitsa mbewu pa ndowa yophwanyidwa m'mbali kuti ikule, kapena pa chidebe chosefukira. Kalabu iliyonse iyesetse kugula sikelo yakeyake, ndipo muziyeza matumba anu musanachoke pakhomo. Chaka ndi chaka Unduna wa Zamalimidwe umalengeza mitengo yoyambira kugulira mbewu. Imvani mitengoyi pa wailesi kapena funsani alangizi, ndipo muziyidziwa musanayambe kukambirana ndi wogula. Wogula amene akufuna mtedza wosankha alipire mtengo woposa wa mtedza wosasankha. Akakana, pitani nawo kwina.

8. KWA INU AMENE MUFUNA KUYAMBA BIZINESI

Achinyamata ambiri a kwa Tsabango alibe malo olima okwanira, popeza mzinda ukukula ndipo minda yambiri yasanduka mapuloti. Kwa iwo, ndi kwa amayi amene ali m'magulu, ntchito zimene taziwerenga m'gawo lachiwiri ndiwo munda wawo watsopano. Nawa malangizo.

Yambani ndi chimene chili pafupi ndipo anthu amachifuna tsiku ndi tsiku. Ufa wa Likuni Phala, umene lero umadziwika m'dziko lonse lino, unayambira pa chipatala cha mishoni ya Likuni m'zaka za m'ma 1960, posakaniza mbewu zimene alimi a kuno amalima. Ku Japan, m'chigawo cha Oita, m'chaka cha 1979 anayambitsa ndondomeko yakuti mudzi uliwonse usankhe chinthu chimodzi chimene ungachipange bwino koposa. Ndondomeko imeneyi inafika m'Malawi m'chaka cha 2003 ndi dzina lakuti One Village One Product. Nzeru yake ndi yakuti musagwire zinthu khumi nthawi imodzi. Ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada.

Mpamba woyambira uchokere m'thumba mwanu, m'chipereganyu kapena ku banki m'khonde, kumene mumadziwana. Mabungwe a SACCO, amene anagwirizana kupanga MUSCCO m'chaka cha 1980, nawonso amasunga ndi kukongoza ndalama. Katapila mupeweni. Palibe geni ya mtedza imene ingabale phindu lokwanira kubweza chiwongoladzanja cha katapila. Ngongole yaikulu muyitenge pokhapokha mutakhala kale ndi ogula odziwika.

Gulani kope ndi cholembera tsiku lomwe mwayamba. Lembani chilichonse cholowa ndi chotuluka. Ndalama ya bizinesi isagone m'thumba limodzi ndi ndalama ya ndiwo. Ngati mumalandira ndalama pa foni kudzera pa Airtel Money kapena TNM Mpamba, lembaninso zimenezo m'kope momwemo.

Phunzirani kuwerengera mtengo. Nachi chitsanzo, ndipo manambala akenso ndi ongoyerekeza. Gulu la amayi lagula thumba la mtedza woswa la makilogalamu 50 pa K100,000. Posankha lataya makilogalamu 5. Pokazinga ndi kupukusa pachoka makilogalamu 3. Patsala makilogalamu 42, amene adzaza mabotolo 105 a magalamu 400. Makala adya K8,000, chigayo K10,000, mabotolo ndi mapepala omata K31,500, mayendedwe K6,000, matikiti a pa msika K2,000, ndipo malipiro a amayi amene agwira ntchitoyo ndi K15,000. Zonse pamodzi ndi K172,500. Tikagawa ndi 105, botolo lililonse lawadyera pafupifupi K1,650. Akagulitsa pa K2,000, alandira K210,000 ndipo phindu lawo ndi K37,500. Koma munthu wosalemba amangokumbukira mtengo wa mtedza wokha, naganiza kuti botolo lamudyera K950. Iye agulitsa pa K1,500 akusekerera, osadziwa kuti botolo lililonse likumudyera mpamba. Pakatha miyezi itatu ayamba kunena kuti wina wamulodza.

Wonaninso m'chitsanzochi kuti makilogalamu 5 otayidwa aja ndi ndalama yokwana K10,000. Amayiwa akanapeza mlimi wogulitsa mtedza wosankha kale, akanatha kumuwonjezera mtengo, onse awiri nkupindula.

Bizinesi ikayamba kuyima, ilembetseni ku ofesi ya Boma yolembetsa mabizinesi, tengani chiphaso cha khonsolo, ndipo ngati mukupanga chakudya pitani ku Malawi Bureau of Standards kuti katundu wanu ayesedwe. Masitolo akuluakulu kawirikawiri sagula chakudya chopanda chizindikiro cha bungweli. Gulu limene lakhwima lingathe kulembetsa ngati kopaletivi potsata lamulo la makopaletivi. Malo opangira chakudya akhale aukhondo, okhala ndi madzi abwino, ndipo ogwira ntchito azisamba m'manja ndi kuvala mipango kumutu.

9. CHENJEZO: CHAKUDYA CHA BANJA CHIKHALE POYAMBA

Msika ukakhala pafupi, chiyeso chogulitsa zonse chimakhalanso pafupi. Musanagulitse, patulani chimanga chokwanira banja lanu mpaka kukolola kwina, mtedza wodya ana, ndi mbewu yodzabzala. Mwa nthawi zonse mitengo imatsika m'miyezi ya Epulo, Meyi ndi Juni pamene aliyense akugulitsa, ndipo imakwera kuyambira Disembala mpaka Febuluwale. Mlimi amene amagulitsa chimanga chonse mu Meyi amadzagula chimanga chomwecho mu Januwale pa mtengo wokwera, mwinanso kwa munthu yemwe anamugulitsa uja. Musagulitsenso mbewu ikadali m'munda. Banja limene likugula chakudya silingagulenso kanthu kwa telala kapena kwa kalipentala, ndipo kuzungulira kwa ndalama kuja kumathera pomwepo.

10. MAFUNSO OKAMBIRANA M'KALABU

(1) Kodi mbewu zimene kalabu yathu inagulitsa chaka chatha zinapita kuti? Ndi ntchito ziti mwa zija za m'gawo lachiwiri zimene zinagwiridwa m'mudzi muno, ndipo ndi ziti zimene zinagwiridwa kwina?

(2) Tchulani zinthu zisanu zimene banja lanu linagula mwezi watha. Ndi zingati zimene zinapangidwa kapena kulimidwa m'dera lino? Mwa zotsalazo, ndi ziti zimene munthu wa kuno akanatha kupanga?

(3) Ndi mabizinesi ati a m'mudzi mwathu amene anagwa m'zaka zitatu zapitazi? Chinawagwetsa nchiyani? Kodi ife ogula tinali ndi mbali yanji?

(4) Kodi pakati pathu alipo amene amawaza madzi pa mtedza poswa? Tingagwirizane lamulo lotani m'kalabu kuti chizolowezichi chithe?

(5) Bwerezani masamu a chiponde aja pogwiritsa ntchito mitengo yeniyeni ya pa msika wanu sabata ino. Kodi botolo liyenera kugulitsidwa pa mtengo wanji?

NTCHITO YA MWEZI UNO

Kalabu isankhe anthu atatu, mwa iwo mukhale mayi mmodzi ndi wachinyamata mmodzi. Anthuwa apite ku msika umene muli nawo pafupi, kaya ndi ku Area 23, Kawale, Chinsapo kapena Area 25, akacheze ndi amalonda osachepera asanu amene amagwiritsa ntchito mbewu zimene inu mumalima. Akawafunse kuti amagula kuti, amafuna zochuluka bwanji pa sabata, ndi chimene chimawadandaulitsa pa katundu amene amagula. Mayankhowo alembedwe m'buku la kalabu ndi kuwerengedwa pa msonkhano wotsatira. Mukatero itanani mlangizi wa m'dera lanu kuti akuthandizeni kulemba pangano lanu loyamba nyengo yokolola isanafike.